Masekondi angati? Mbiri ya funso limene lavutitsa oyeza kuwala kwa nyenyezi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga ku Fomu 3 ndi Fomu 4, lero ndikufuna tikambirane za kabokosi kamodzi kakang'ono. Mukatsegula pulogalamu yojambulira nyenyezi pa kompyuta, kaya ndi MaxIm DL, kaya N.I.N.A., kaya SharpCap, mupezamo malo olembedwa kuti Exposure, ndipo pambali pake pali mpata woti mulembemo nambala. Nambalayo ndi masekondi amene kamera ya pa telesikopu ikhale ikulandira kuwala isanatseke. Munthu wongofuna chithunzi chokongola choika pa Facebook akhoza kulembamo chilichonse, chikaipa ajambulanso. Koma amene akuyeza nyenyezi yosinthasintha kuwala alibe mwayi umenewo. Mphindi imene amaidikira ikadutsa, yadutsa. Ngati nambala inali yolakwika ndiye kuti wachezera usiku wonse pachabe, ndipo pa nyenyezi zina ayenera kudikira zaka zambirimbiri kuti zomwezo zichitikenso.

Funsoli ndi lakale kuposa kompyuta. Linabadwa mu 1850, ndipo m'badwo uliwonse waliyankha mosiyana chifukwa chida cha m'badwo uliwonse chinali ndi bodza lakelake.

Kamera isanabwere panalibe chosankha. Diso limalandira kuwala kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi kenako n'kutaya, silisunga. Mutayang'anitsitsa nyenyezi yozirala kwa ola lathunthu, siiwala kuposa mmene inalili pa mphindi yoyamba, kungoti misozi ikutsikani. Komabe ndi diso lomwelo David Fabricius, m'busa wa ku East Frisia, anaona nyenyezi mu Ogasiti 1596 imene inadzasowa patapita miyezi yochepa. Mu 1638 Johannes Holwarda anazindikira kuti imapita n'kumabwera pa miyezi pafupifupi 11 iliyonse. Ndiyo Mira, ndipo lero tikudziwa kuti ulendo wake ndi wa masiku pafupifupi 332. Kenako kunabwera John Goodricke wa ku York, mnyamata wosamva kuyambira ali mwana, amene mu 1783 anaonetsa kuti Algol imazirala pa masiku awiri ndi maola pafupifupi 21 aliwonse, n'kuganiza kuti pali chinthu chimene chimadutsa kutsogolo kwake. Anali ndi zaka 18, msinkhu wa ana athu olemba MSCE. Anamwalira mu 1786 ali ndi zaka 21.

Ndiyenera kuima pang'ono pa muyeso umene amagwiritsa ntchito, chifukwa popanda umenewu zotsatirazi sizimveka. Agiriki akale anagawa nyenyezi m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo zimayenda ngati malo a m'kalasi: nambala wani ndiye wowala kwambiri, nambala 6 ndi uja wongooneka movutikira. Muyesowu umatchedwa magnitude. Mu 1856 Norman Pogson, ali ku Oxford, anaumanga ndi masamu: kusiyana kwa ma magnitude asanu kukhale kusiyana kwa kuwala ka 100. Choncho sitepe imodzi ndi ka 2.512, ndipo masitepe awiri ndi theka ndi ka 10 ndendende. Sungani zimenezi. Ngati nyenyezi ya magnitude 10 ikufuna masekondi 30, ya magnitude 12.5 ifuna osachepera 300 kuti mutole kuwala kofanana.

Njira yoyezera ndi diso anaikonza bwino ndi Friedrich Argelander wa ku Bonn. Umayang'ana nyenyezi yosinthayo, kenako ina yapafupi yosasintha imene kuwala kwake kukudziwika, n'kuweruza kuti yowala ndi iti ndipo mwa masitepe angati. Mu 1844 anapempha anthu wamba okonda zakumwamba kuti amuthandize, ndipo pempho limenelo linabala zipatso zimene zilipo mpaka lero, monga bungwe la AAVSO limene linayamba ku America mu 1911. Katswiri wa diso amatha kulondola mpaka pa gawo limodzi mwa magawo khumi a magnitude. Kupitirira apo diso limakana.

Pa anthu a diso amenewa, amene amandikhudza ine ndi mphunzitsi mnzathu. Alexander William Roberts anachoka ku Scotland mu 1883 kukaphunzitsa pa Lovedale ku Eastern Cape, sukulu yomwe ija kumene kunachokera William Koyi ndi anzake atatu mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia kuno kwathu. Masana Roberts anali ndi choko m'manja ngati ife. Usiku ankatuluka ndi katelesikopu kakang'ono, ndipo kuyambira 1891, kwa zaka pafupifupi 30, anayeza nyenyezi zosinthasintha za kummwera nthawi pafupifupi 250,000. Tawerengani nokha: zimenezi ndi zoposa 20 usiku uliwonse, popanda kuchotsapo mitambo, matenda kapena sabata yochonga mayeso. Kuchokera pa miyeso yakeyo anafika mpaka powerengera kuti nyenyezi ziwiri zozungulirana ndi zothinana bwanji m'kati mwake. Ndikamva tikudandaula mu staff room kuti sayansi yeniyeni imafuna labotale yodula, ndimavomereza theka lokha la dandaulolo.

Tsopano kamera. Usiku wa pa 16 Julayi 1850, John Adams Whipple, wojambula zithunzi wa ku Boston, pamodzi ndi William Cranch Bond, analoza telesikopu ya mainchesi 15 ya ku Harvard pa nyenyezi ya Vega. Inali nyenyezi yoyamba kujambulidwa kupatula dzuwa, ndipo inatenga masekondi pafupifupi 100. Vega ndi imodzi mwa nyenyezi zowala kwambiri kumwamba konse. Foni yabwino ya masiku ano imaigwira mosavuta. Koma chachikulu chinali chakuti kwa nthawi yoyamba munthu anapeza chida chimene chimasunga kuwala n'kumakuunjika. Mu 1857 George Phillips Bond, mwana wa William, anaona kuti nyenyezi yowala imasiya kadontho kakakulu pa galasi pomwe yozirala imasiya kakang'ono, ndipo anaona kuti kadonthoko kamakulanso nthawi yojambulira ikatalika. Apa ndi pamene panayambira vuto lathu. Kukula kwa kadontho kumanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuwala kwa nyenyezi ndi kutalika kwa nthawi, ndipo woyeza ayenera kuzilekanitsa.

Magalasi ouma opakidwa mankhwala a siliva atayamba kupezeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, anthu anayamba kusiya kamera ili chitsegukire kwa maola. Ku Cape Town mu 1882, David Gill anamangirira kamera wamba yobwereka pa telesikopu kuti ajambule nyenyezi ya mchira imene inaoneka chaka chimenecho. Zithunzi zina anazipatsa nthawi yoposa ola, ndipo chimene chinamudabwitsa ndi unyinji wa nyenyezi zimene zinatulukira kumbuyo kwake. Kuchokera apo kunabadwa kaundula wa nyenyezi za kummwera zoposa 450,000, amene Jacobus Kapteyn anaziyeza pa magalasi a Gill ali ku Groningen, m'dziko la Netherlands.

Anthu ankaganiza kuti masamu ake ndi ophweka. Panali lamulo la Bunsen ndi Roscoe la mu 1862 lonena kuti chofunika ndi kuwala kuchulukitsa ndi nthawi basi: kuwala kukachepa ka 10, talikitsa nthawi ka 10, upeza chithunzi chomwecho. Lamuloli ndi lokongola pa bolodi. Pa galasi lojambulira nyenyezi silinagwire ntchito. Amene analondola bwino nkhaniyi ndi Karl Schwarzschild, ali mnyamata pa Kuffner Observatory ku Vienna chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Anapeza kuti kuwala kukakhala kofooka, galasi limataya kwina mwa kuwala kumene lalandira. Zili ngati kutunga madzi mu mtsuko wong'aluka pang'ono: ukathira ndi ndowa umadzaza, koma ukautchera pa mpopi wongodontha, ena akulowa ena akutuluka, ndipo udikira nthawi yaitali kuposa imene masamu akuuza. Schwarzschild analemba kuti nthawi iyenera kukwezedwa pa mphamvu ya pafupifupi 0.86. Tengani calculator muyese. Kuwala kukachepa ka 10, nthawi iyenera kutalika ka 14 ndi theka, osati ka 10. Kukachepa ka 100, nthawi italike koposa ka 200. Ameneyu ndi Schwarzschild yemwe uja amene anadzathetsa masamu a Einstein ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'kumwalira mu 1916. Mabuku ambiri amamukumbukira pa zimenezo, koma oyeza nyenyezi anamudziwa kale pa nkhani ya galasi.

Galasi linali ndi bodza lachiwiri. Mu 1890 Ferdinand Hurter ndi Vero Driffield ku England anajambula girafu yoonetsa mmene galasi limadera malinga ndi kuwala kumene lalandira. Pansi pa girafuyo galasi limakhala ngati silikumva kanthu, pakati limayankha mokhulupirika, pamwamba limakhuta moti ngakhale uwonjezere kuwala silidanso kwambiri. Pakati pokhapo ndi pamene muyeso umatanthauza kanthu. Ndiye ukafupikitsa nthawi nyenyezi yako igwera pansi, ukatalikitsa igwera pamwamba, ndipo nyenyezi yosinthasintha, mwa khalidwe lake, imayenda kuchoka kwina kupita kwina iwe uli pakati pa ntchito.

Zonsezi zinagwera pa mapewa a azimayi a ku Harvard amene Edward Pickering anawalemba ntchito yoyeza magalasi. Henrietta Swan Leavitt, amenenso makutu ake anafa ali mtsikana, ankayeza magalasi ochokera ku Arequipa m'dziko la Peru, kumene Harvard inali ndi telesikopu ya mainchesi 24. Ankafufuza mu Mitambo ya Magellan, timitambo tiwiri toyera tija timaoneka kummwera usiku wopanda mwezi, makamaka nyengo yotentha mvula isanayambe. Ife kuno timatiwona ndi maso tili pakhonde, pomwe ku Boston sitioneka n'komwe. Mu 1908 Leavitt anasindikiza mndandanda wa nyenyezi zosinthasintha 1,777, ndipo mu 1912, pogwiritsa ntchito 25 zokha za mu Mtambo Waung'ono, anaonetsa kuti nyenyezi ya mtundu wa Cepheid ikamatenga masiku ambiri posintha ndiye kuti ndi yowalanso kwambiri. Lamulo limeneli ndi limene Edwin Hubble anadzayezera mtunda wokafika ku Andromeda m'zaka za m'ma 1920. N'chifukwa chiyani 25 zokha? Lipoti lakelo linafotokoza lokha: nyenyezizo zinali zozirala kwambiri, zinkafuna nthawi yaitali yojambulira, choncho magalasi anali ochepa. Galasi limodzi likamadya maola, usiku umodzi umakupatsa kadontho kamodzi kapena kawiri pa girafu yako.

Mnzake wa ku Harvard komweko, Solon Bailey, anakumana ndi vuto lachitatu, limene kwa ine ndi lobisika kwambiri pa onse. Bailey ankayeza nyenyezi za m'magulu othinana monga Omega Centauri ndi Messier 3, zimene zimamaliza ulendo wawo pa theka la tsiku. Nyenyezi zimenezi zimazirala pang'onopang'ono kenako n'kuwala mwadzidzidzi. Koma galasi lake linkafuna ola kapena kupitirira kuti lizigwire zikazirala. Ndiye kadontho kamene ankapeza kanali avereji ya ola lonse. Aphunzitsi anzanga, mukudziwa chimene avereji ya teremu imachita. Mwana amene anapeza 90 sabata ina ndi 10 sabata yotsatira amaoneka ngati mwana wa 50, wabwinobwino, pomwe kunyumba kwake kwagwa chinachake. Mu 1900 James Keeler wa ku Lick Observatory anamujambulira Messier 3 ndi telesikopu ya mainchesi 36, galasi lililonse mphindi khumi zokha, ndipo apo m'pamene Bailey anatha kuona liwiro lenileni limene nyenyezizo zimawalira.

Chitsanzo choopsa cha vuto lomweli ndi kanyenyezi ka pakati pa Crab Nebula. Kwa zaka zambiri kankajambulidwa ndi matelesikopu aakulu kwambiri pa dziko, ndipo pa galasi lililonse kankaoneka kodekha, kosasintha. Mu Januwale 1969 John Cocke, Michael Disney ndi Donald Taylor ku Arizona anakayeza ndi chida chothamanga, n'kupeza kuti kamayaka ndi kuzima pafupifupi ka 30 pa sekondi imodzi. Magalasi onse aja sananame. Anangoyankha funso limene anafunsidwa.

Pa nthawiyo njira ya magetsi inali itakula kale. Joel Stebbins wa ku Illinois anayamba ndi kachidutswa ka selenium kamene magetsi ake amasintha kakaona kuwala, n'kumakaziziritsa ndi madzi oundana, ndipo mu 1910 anagwira kuzirala kwachiwiri kwa Algol, kwa magnitude 0.06 yokha, kumene diso la Goodricke silikanatha kuona. Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera chubu chotchedwa photomultiplier. Chida chimenechi sichinkatulutsa chithunzi. Chinkaona nyenyezi imodzi pa nthawi kudzera pa kabowo, ndipo woyeza ankawerenga kwa masekondi angapo pa nyenyezi yoyerekezera, kenako pa yosinthayo, kenako pa thambo lopanda kanthu, n'kubwereranso, usiku wonse. Mu 1953 Harold Johnson ndi William Morgan anakhazikitsa masefa atatu a U, B ndi V kuti anthu a m'maiko osiyana aziyeza mtundu umodzi wa kuwala. Kummwera kuno munthu wake anali Alan Cousins, amene anayamba ngati injiniya wa pa malo opangira magetsi, kumayeza nyenyezi ndi diso nthawi yake yopuma, mpaka analowa ntchito pa Royal Observatory ku Cape Town mu 1947. Nyenyezi zoyerekezera zimene anayeza, ndi masefa a R ndi I amene amatchedwa ndi dzina lake, zikugwirabe ntchito. Anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 97, akulembabe za kuyeza kuwala.

Kenako mu 1969, ku Bell Labs, Willard Boyle ndi George Smith anapanga CCD, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2009. Pakati pa zaka za m'ma 1970 inali itafika pa telesikopu, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anthu wamba anayamba kugula makamera ake. Galasi linkagwiritsa ntchito kuwala kochepa kwambiri, mwina 1 kapena 2 pa 100 aliwonse. CCD yabwino imagwira koposa 80. Koposa apo, mtsuko uja unasiya kudontha. Ukawirikiza nthawi kawiri, nambala imawirikizanso kawiri. Lamulo la Bunsen ndi Roscoe linakhala loona patapita zaka zoposa 100. Lero makamera ambiri ndi a mtundu wa CMOS, wofanana ndi wa m'mafoni, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Wina akhoza kuganiza kuti funso lathu linathera pamenepo. Ayi ndithu, linangosintha malaya. Kamera ili ndi timabokosi mamiliyoni totchedwa ma pixel, ndipo kalikonse kali ngati ndowa yoyezera chimanga pamsika. Ndowa ikadzaza mpaka mulu, wothira thumba limodzi ndi wothira matumba atatu amaoneka ofanana, zotsalazo zangotayikira pansi. Kamera ya 16-bit imawerenga kuyambira 0 mpaka 65,535, ndipo nyenyezi ikafika pa denga limeneli muyeso wafa. Choipa n'chakuti makamera ambiri amasiya kunena zoona asanafike padengapo, makamaka aja anapangidwa kuti azitaya zosefukira mwakachetechete kuti chithunzi chikongole. Pa sikirini nyenyezi imaoneka bwinobwino, pulogalamu imakupatsa nambala ya malo atatu pambuyo pa kadontho, koma nambalayo ndi yochepa kuposa choonadi. N'chifukwa chake oyeza osamala amayamba ayesa kamera yawo: kujambula kuwala kosasintha kwa sekondi 1, 2, 4, 8, n'kujambula girafu kuti aone pamene mzere wayamba kupindika. Ambiri amasunga pixel yowala kwambiri cha pa theka la denga, kapena kupitirira pang'ono. Ndipo lamuloli si la nyenyezi yosinthayo yokha. Nyenyezi yoyerekezera nayonso isasefukire, poti njira ya Argelander ija ndi imene pulogalamu ikuchita mpaka lero.

Kumbali inayi kuli kuchepa. Kuwala kumabwera m'timibulu, ndipo timibuluto sitibwera pa mzere ngati ana opita ku asembule. Ukatola timibulu N, kusatsimikizika kwake ndi square root ya N. Pa timibulu 100 ndi 10, kutanthauza 10 pa 100 aliwonse, zimene sizikuposa diso la Roberts. Pa 10,000 ndi 100, kutanthauza 1 pa 100, pafupifupi magnitude 0.01. Kuti ulondole kawiri uyenera kudikira kanayi. Pamwamba pa apo pali kuwala kwa thambo lenileni, makamaka mwezi ukakhala, kutentha kwa kamera, ndi kusokoneza kumene kumalowa nthawi iliyonse kamera ikuwerenga ma pixel ake. Ma pulogalamu amasonyeza zonsezi ndi nambala imodzi yotchedwa SNR, ndipo amene akufuna 0.01 amafuna SNR ya 100 kapena kuposa. Ndimaona kuti limeneli ndi phunziro labwino la square root kuposa ambiri amene ali m'mabuku athu a masamu.

Ndiye nyenyezi yowala bwanji, si kungofupikitsa nthawi basi? Apa mpweya umalowerera. Kuphethira kwa nyenyezi kumene timakuona usiku ndi mpweya wotentha ndi wozizira ukupinda kuwala, ndipo pa kachigawo ka sekondi kuwala kofika pa telesikopu yaing'ono kumakwera ndi kutsika kwambiri. Andrew Young analemba masamu ake mu 1967: vutoli limakula telesikopu ikachepa, limakula kwambiri nyenyezi ikatsikira kumphepete kwa thambo, ndipo limachepa molingana ndi square root ya nthawi. Kuchoka pa sekondi imodzi kufika pa 16 kumalichepetsa kanayi. Ndiye taonani msampha wake. Nyenyezi yowala ikufuna nthawi yaifupi kuti ndowa isasefukire, koma mpweya ukufuna nthawi yaitali. Mayankho ake ndi awiri. Loyamba ndi kusokoneza dala focus kuti kuwala kumwazikire pa ma pixel ambiri, njira imene Schwarzschild ankachita kale pa magalasi ake. Lachiwiri ndi kujambula zithunzi zambiri zazifupi n'kuziphatikiza. Munthu wozolowera zithunzi zokongola zimamupweteka mtima kuona nyenyezi ili ngati donati pa sikirini, koma muyeso wake ndi wabwino kuposa wa kadontho kakuthwa.

Vuto la Bailey nalonso silinachoke. Pa Mira, mphindi zisanu si kanthu poyerekeza ndi masiku 332. Pa nyenyezi ngati DQ Herculis, imene Merle Walker anapeza m'zaka za m'ma 1950 kuti imagunda pa masekondi 71 aliwonse, chithunzi cha masekondi 60 chimafafaniza chinthu chimene umafuna kuona. Nthawi iyenera kukhala kachigawo kakang'ono ka kusintha kofulumira kwambiri kumene ukusaka. Ngakhale NASA inakumana nazo. Telesikopu ya Kepler, imene inakwera mu 2009 kukasaka mapulaneti odutsa kutsogolo kwa nyenyezi zawo, inkajambula masekondi 6 okha kuti ma pixel asasefukire msanga, kenako n'kuphatikiza zithunzi 270 kukhala muyeso umodzi wa mphindi 29.4, poti sikanatha kutumiza zonse pansi pano. Mu 2010 David Kipping anachenjeza kuti kuphatikiza kumeneku kumasalaza m'mphepete mwa girafu, ndipo wosasamala amapeza miyeso yolakwika ya pulaneti ndi nyenyezi yake. Ndi nkhani ya avereji ya teremu ija, zaka 110 pambuyo pa Bailey.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamagwetsa anthu ambiri oyamba kumene. Fayilo ya chithunzi, ya mtundu wa FITS umene unakhazikitsidwa mu 1981, nthawi zambiri imalemba nthawi imene kamera inatseguka. Koma muyeso ndi wa pakati pa nthawiyo. Pa chithunzi cha masekondi 300, kuiwala zimenezi kumasuntha girafu yonse ndi masekondi 150. Ndiponso dziko limazungulira dzuwa, ndipo kuwala kumatenga mphindi pafupifupi 8.3 kuchoka ku dzuwa kufika kuno, choncho nthawi ya kuzirala kwa nyenyezi ikhoza kusiyana ndi mphindi zoposa 16 pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Pulogalamu monga AstroImageJ imakonza zimenezi, koma pokhapokha wotchi ya kompyuta ili yolondola ndipo munthu wauza pulogalamuyo zoona. Chimodzimodzinso zithunzi zamdima zimene amajambula chivindikiro chili chotseka pofuna kuchotsa kutentha kwa kamera: ziyenera kukhala za nthawi yofanana ndi zenizenizo, ndiye aliyense wosintha nambala pakati pa usiku wadzionjezera ntchito.

Ma pulogalamu ena tsopano amatha kusankha okha nthawi, kujambula kachithunzi koyesera n'kuwerengera. Sindikutsutsa zimenezo. Koma pulogalamu imangodziwa mmene nyenyezi ilili pa mphindi imeneyo. Siidziwa chimene ichite m'bandakucha. Munthu ndi amene ayenera kudziwa kuti nyenyezi yake ikakwera ifika pati, n'kusiya mpata mu ndowa. Tengani T Coronae Borealis, imene nthawi zonse imakhala pa magnitude 10 koma mu 1866 inaphulika kufika cha pa 2, ndipo mu 1946 inaphulikanso. Masitepe asanu ndi atatu a Pogson ndi kuwala kochuluka ka pafupifupi 1,600. Chithunzi cha masekondi 60 chimene chinali bwino dzulo chiyenera kutsika kufika pa masekondi 0.04, kumene mpweya wa Young ukukudikira. Palibe nambala imodzi imene ingagwire zonse ziwiri.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika kumapeto kwa 2019, pamene Betelgeuse, nyenyezi yofiira ija ya m'gulu la Akamwiniatsatana, inayamba kuzirala mpaka kufika cha pa magnitude 1.6 mu Febuluwale 2020, kuzirala kumene kunali kusanalembedwepo. Ngakhale itazirala choncho inali yowalabe mopitirira muyeso kwa makamera ambiri ofufuza thambo, amene anakonzedwera nyenyezi zofooka. Gawo lalikulu la girafu ya AAVSO ya miyezi imeneyo linachokera kwa anthu oima panja, kuyerekeza Betelgeuse ndi Aldebaran ndi Bellatrix ndi maso, monga Argelander analangizira mu 1844, pamodzi ndi anthu ochepa amene anasungabe zida za kabowo kamodzi zofanana ndi za Cousins. Pambuyo pake zithunzi za telesikopu ya VLT ku Chile zinasonyeza kuti nyenyeziyo inatulutsa mpweya umene unazizira n'kusanduka fumbi, ndipo fumbilo linaphimba mbali yake ya kummwera.